Kanema wa ukapolo musam'siyire mwana yekha

Mu Januwale 1977, wailesi ya kanema ya ABC ku America inaonetsa sewero la Roots, lonena za ukapolo, masiku 8 otsatizana, ndipo gawo lomaliza linaoneredwa ndi anthu pafupifupi 100 miliyoni. Mabanja ambiri anayamba kukambirana za ukapolo ali pabalaza pawo, nkhani yomwe mabuku ambiri akusukulu ankangoilambalala. Ife aphunzitsi a mbiri timavomereza kuti kanema amafika pomwe choko ndi bolodi sizifika. Wophunzira amaloweza chaka n'kuchiiwala mayeso akangotha, koma saiwala nkhope ya mnyamata Kunta Kinte akukwapulidwa kuti asiye dzina lomwe anam'patsa bambo ake n'kuvomera la Toby.

Mphamvu imeneyi ndi yomwe imandichititsa kuti ndiziuza makolo kuti asamam'patse mwana rimoti n'kutuluka. Pali zinthu zomwe kamera imazigwira bwino, pali zina zomwe imazisiya, ndipo zosiyidwazo wozikwaniritsa ndi inu amene mwakhala pambali pa mwanayo.

Kamera imakonda chikwapu, unyolo ndi misozi. Mabuku a ndalama imalephera kuwajambula. Mwana akangoona mwini munda wankhanza, amaganiza kuti ukapolo unali khalidwe la anthu ochepa oipa mtima, pomwe unali bizinesi yokhala ndi mabanki, inshuwalansi ndi malamulo oiteteza. Pa zaka zoposa 350, anthu pafupifupi 12.5 miliyoni anakwezedwa m'zombo zowoloka nyanja ya Atlantic, ndipo amene anafika tsidya linalo ali moyo anali ngati 10.7 miliyoni. Enawo anafera panjira n'kuponyedwa m'madzi. Dziko la Britain litakhazikitsa lamulo lothetsa ukapolo mu 1833, boma linapereka chipukuta misozi cha mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo. Omasulidwawo sanalandire kalikonse. Mwana wa zaka 13 akhoza kuimvetsa bwinobwino mfundo imeneyi. Imitsani kanemayo pomwe akuonetsa munda wa nzimbe kapena wa thonje, mum'funse kuti: "Zokololazi zinkapita kuti? Ndalama zake ankadya ndani?"

Mapu amene kanema amajambula m'mutu mwa mwana nawonso ndi opendekeka. Mafilimu otchuka ambiri amapangidwa ku America, choncho mwana amaganiza kuti akapolo onse ankapita kumeneko. Zoona zake n'zakuti amene zombo zinakawatula mwachindunji ku North America sanakwane 400,000, pomwe ku Brazil kunapita pafupifupi 5 miliyoni, ndipo dzikoli linathetsa ukapolo mochedwa kwambiri, mu 1888. Malonda a kum'mawa kwa Africa ndiye saoneka kawirikawiri n'komwe: anthu omangidwa magoli m'khosi, owolotsedwa nyanja kuchokera ku Nkhotakota kwa Jumbe, oyenda pansi mpaka ku Kilwa, kugombe la dziko lomwe lero ndi Tanzania, ena atasenza minyanga ya njovu. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, koma malondawo anapitirira mpaka m'ma 1890, ndipo Mlozi, wogulitsa akapolo wa ku Karonga, anagonjetsedwa mu 1895. Pamenepa mwana wochenjera adzafunsa kuti ankawagwira anthuwo ndani. Muyankheni zoona: panali mafumu ndi amalonda a mu Africa momwemo amene ankagwira ndi kugulitsa anzawo posinthana ndi mfuti ndi nsalu. Kubisa zimenezi n'kum'konzera tsiku lomwe adzazimve kwina n'kuyamba kukayikira zonse zomwe munamuuza.

Funso lomwe limandikhudza kwambiri ndi lina. Ana ambiri, akaona anthu akukwapulidwa osabwezera, amafunsa motsitsa mawu kuti: "Nanga bwanji sankamenyana nawo?" M'funso limenelo muli manyazi, makamaka kwa mwana wakuda amene waona anthu ofanana naye akungozunzidwa kwa ola lathunthu. Musalilole kuti ligone osayankhidwa. Anamenyana nawo, ndipo kwambiri. Ofufuza mbiri amati pa maulendo 10 aliwonse a zombo zija, pafupifupi umodzi unkakumana ndi kuukira. Ku Brazil, othawa ukapolo anamanga midzi yawo ya Palmares yomwe inakhalapo pafupifupi zaka 100 mpaka inagonjetsedwa mu 1694. Ku Saint-Domingue, komwe lero ndi Haiti, akapolo anaukira mu Ogasiti 1791, n'kugonjetsa asilikali a mayiko amphamvu a ku Ulaya, ndipo mu 1804 kunabadwa dziko la Haiti. Harriet Tubman, mayi amene anali kapolo ku America, anathawa mu 1849, koma anabwerera kangapo kukatulutsa abale ake ndi anthu ena, onse pamodzi ngati 70. Palinso kulimba kosachita phokoso: mayi wophunzitsa mwana nyimbo za kwawo, munthu wophunzira kuwerenga mobisa pomwe lamulo linkaletsa. Kanema amene alibe chimodzi mwa izi, ine sindimuonetsa ana.

Za msinkhu, palibe chaka chimodzi choyenera aliyense, koma lamulo langa ndi losavuta: oneranitu nokha kaye. Masewero ambiri a ukapolo anapangidwira akuluakulu, ndipo muli kugwirira akazi, kudula ziwalo ndi kupachika anthu. Mwana wosakwana zaka 10 sakufunika kuona zimenezo kuti amvetse kuti kugula ndi kugulitsa munthu n'koipa. Nkhani yokamba pakamwa, zithunzi zojambula pamanja ndi mapu n'zokwanira. Wokulirapo mukhoza kuonera naye gawo limodzi, osati magawo onse usiku umodzi, komanso isakhale nthawi yoti akagone. Maso anu azikhala pa iye kuposa pa kanemayo. Wina amangoti zii, wina amayamba kuseweretsa zala, wina amaseka pomwe palibe choseketsa. Kuseka kumeneko nthawi zambiri si chipongwe ayi, ndi mtima wothedwa nzeru. Imitsani, mum'funse chomwe waona, mudikire yankho ngakhale lichedwe.

Muuzeninso kuti sewero ndi sewero. Mlembi wa buku lomwe Roots inachokera anavomereza yekha kuti anasakaniza zofufuza ndi zopeka, ndipo olemba mbiri anatsutsa zina mwa zomwe ananena zokhudza mzere wa makolo ake. Zimenezi sizichotsa choonadi cha zombo, misika ndi zikwapu, koma zimam'phunzitsa mwana kufunsa kuti wapanga filimuyi ndani, ndipo zomwe akunenazi wazitenga kuti.

Chinthu chimodzi ndimachikana kwamtuwagalu, kunyumba ngakhale m'kalasi: kuuza ana kuti achite sewero la msika wa akapolo akamaliza kuonera, wina akhale wogula, wina wogulitsidwa. Amene waimikidwa kutsogolo kuti anzake am'tchulire mtengo sachiona ngati phunziro, ndipo dzina lomunyoza limene limabadwa tsiku limenelo limam'tsatira mpaka kubwalo la masewera.