Kamphaka ka ku Marrakech kakakukalani, musadikire kuti mukafike kaye kunyumba

Pafupifupi aliyense wobwera kwa ine asananyamuke ulendo wa ku Marrakech, mzinda wa ku Morocco, amafunsa zofanana. Kodi kuli akuba? Madzi ake ndi omweka? Ndivale chiyani? Ndimayankha poti ndi ntchito, koma kunena zoona mafunso amenewa anandikola. Munthu amene anayendapo mumsika wa Limbe kapena pa depoti ya basi ku Lilongwe safuna namwino woti amuphunzitse kagwiridwe ka chikwama. Funso limene ndimalidikira koma silibwera ndi la amphaka.

Ndine namwino pa kachipatala kena kuno ku Britain, kopereka katemera ndi uphungu kwa anthu opita kunja. Abale athu ambiri a ku Malawi ndi ku Zambia okhala kuno ayamba kukonda Morocco, ndipo sindiwadzudzula. Ndege yochokera ku London sitenga maola 4, ndipo mzindawo ndi wokomadi m'maso. Unamangidwa cha m'ma 1070, makoma ake ndi ofiirira ngati dothi la katondo, ndipo nsanja ya mzikiti wa Koutoubia imaonekera kutali. Mu medina, mzinda wakale wa mkati mwa linga, tinjira take ndi topanikiza moti njinga yamoto ikamabwera umachita kumamatira kukhoma. Ndiye pakhomo lililonse pali mphaka. Wina wagona pa mulu wa makapeti, wina akudikira mitu ya nsomba kwa wogulitsa, tiana tawo tikusewera pansi pa tebulo limene mukudyerapo tajine, ndiwo zawo zophikidwa mu mphika wadothi. Alendo amagwada n'kumatisisita, foni ili kudzanja linalo.

Ku Morocco kuli chiwewe. Chimapezeka kwambiri mwa agalu oyendayenda, koma mphaka wolumidwa ndi galu wodwala amachitenga n'kuchipatsira munthu. Mu November 2018 akuluakulu a zaumoyo ku England analengeza kuti munthu wina wokhala kuno wamwalira ndi chiwewe atalumidwa ndi mphaka ku Morocco. Mu June 2025 mayi wina wa ku Yorkshire anamwalira ndi matenda omwewo. Iye sanalumidwe n'komwe, kagalu kanangomukala pang'ono ali ku Morocco mu February, ndipo poona kuti bala ndi losaoneka bwinobwino, sanalilabadire. Zizindikiro zinadzayamba patapita miyezi.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ife, mwa anthu onse, chiwewe timachidziwa. Tinakula tikumva kuti galu wachiwewe wadutsa m'mudzi, ana onse alowe m'nyumba. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likutemera agalu kuyambira 2015 chifukwa ana ankafa nacho. Koma munthu yemweyo akangokhala zaka zingapo ku Britain, kumene agalu ndi amphaka alibe matendawa kwa zaka pafupifupi 100, mantha aja amatha. Akakwera ndege ya holide nzeru zonse amazisiya pa eyapoti. M'maganizo mwake chiwewe ndi cha galu wamkulu wotuluka thovu kukamwa, osati kamphaka kofewa ka pa lesitilanti.

Pali mayi wina amene mpaka lero sachoka m'mutu mwanga. Anabwera ali ndi dzanja lamanzere lotupa, matuza atandanda motsata maluwa amene anamujambula ndi henna, utoto wokongoletsera khungu, pa bwalo lalikulu la mu Marrakech lotchedwa Jemaa el-Fna. Aliyense wopitako amawadziwa amayi aja okhala pa timipando, amene amakugwira dzanja usanavomere n'kuyamba kulemba. Henna weniweni amasiya mtundu wofiirira ndipo amafuna maola angapo kuti agwire. Wakuda bii uja, wogwira msanga, nthawi zambiri amakhala atasakaniza ndi mankhwala otchedwa PPD, omwe amaikidwa mu dayi wa tsitsi. Pakhungu amatha kuwotcha patapita masiku angapo, mwina sabata ziwiri, ndipo thupi likangoyamba kudana nawo limadana nawo moyo wonse, moti dayi wakuda wa kusaluni amadzakhala woopsa kwa inu. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Koma zimenezo zimapola, si zimene zinandidetsa nkhawa.

Ndikumutsuka matuzawo ndinaona timizere titatu pa chala chachikulu cha dzanja linalo, titauma kale. Ndinafunsa kuti apa panatani.

"Aa, a nesi, apo musavutike napo. Ndi kamphaka, ndimakapatsa kafupa ka nkhuku ndiye kanangondikala."

"Magazi anatuluka, mayi?"

"Pang'ono chabe."

"Liti limenelo?"

Anawerenga pa zala. Panali patatha masiku 19.

Ndinafunsa chimene anachita tsiku limenelo. Anati mnyamata wina amene anadzipereka kuwalondolera njira mumsika anawatengera ku sitolo ya mankhwala azitsamba, ija yokhala ndi mabotolo ofika kudenga ndi bambo wovala gauni yoyera ngati dokotala. Bamboyo anayang'ana chalacho, anapakapo mafuta a mtengo wa argan osakaniza ndi zina zonunkhira, anamanga kansalu, n'kuwagulitsa botolo lina loti azipaka m'mawa ndi madzulo. Anawauzanso kuti amphaka a mu medina ndi aukhondo. Mayiyo anatuluka mtima uli m'malo.

Ndimve bwino apa. Mafuta a argan ndi abwino pakhungu louma, inenso ndinagulako. Zonunkhiritsa ndiwo za pa msika wa Rahba Kedima gulani mudzaze chikwama. Koma gauni yoyera si sukulu ya udokotala, ndipo mnyamata wokutengerani kumeneko kawirikawiri amalandirapo kangachepe pa zimene mwagula. Palibe mafuta, muzu, uchi, mchere kapena tsabola amene amapha kachilombo ka chiwewe kakalowa m'thupi. Kulibe ku Marrakech, kulibenso kwa asing'anga a kwathu. Choipa kwambiri cha mankhwala oterewa si chakuti sagwira ntchito kokha ayi, n'chakuti amakukhazika mtima pansi pa nthawi imene umayenera kuthamanga.

Kachilomboka kamakhala m'malovu a nyama. Mphaka amanyambita mapazi ake tsiku lonse, n'chifukwa chake chikhadabo nachonso timachiopa. Kakalowa pabala sikayenda ndi magazi, kamakwera pang'onopang'ono motsata mitsempha kulowera ku ubongo. Pa ulendo wonsewo munthu samva kanthu, bala limapola bwinobwino. Nthawi zambiri pamatenga miyezi 2 kapena 3, koma zimatheka pa sabata imodzi, zimathekanso kufika chaka. Bala la kumaso, m'khosi kapena ku zala ndi loopsa kuposa la pantchafu, chifukwa mitsempha ndi yambiri ndipo kwina njira yopita ku ubongo ndi yaifupi. Katemera amagwira ntchito pokhapokha akafika kachilomboko kasanafike ku ubongo. Dzanzi likangoyamba pamalo pa bala, kutentha thupi, kusokonezeka mutu, kulephera kumeza madzi, ndiye kuti kwatha. Ngakhale chipatala chachikulu bwanji cha ku London chimangothandiza kuti munthu afe mosazunzika kwambiri. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa chonchi chaka chilichonse, ambiri ku Africa ndi ku Asia.

Ndiye mukakalidwa kapena kulumidwa, kapena nyama ikanyambita pamene pali chilonda, pitani pampopi pompo. Sopo ndi madzi oyenda, mphindi 15 zathunthu, muziyang'ana wotchi chifukwa mphindi 15 ndi zambiri kuposa mmene mukuganizira. Mukatero thiranipo ayodini kapena spiriti wa kuchipatala ngati alipo. Musamange bala mothina ndipo musakakamize aliyense kulisoka. Kenako tsiku lomwelo, osati mawa, uzani a pa hotela kapena pa riad, nyumba ya alendo, imene mukugona kuti akutengereni kwa dokotala kapena ku ofesi ya zaumoyo ya khonsolo ya mzinda, imene kumeneko amaitcha bureau d'hygiène, komwe amabaya katemera wa chiwewe. Mawu a Chifalansa a matendawa ndi la rage. Muwatchule, aliyense akumvani. Imbiraninso a inshulansi yanu ya paulendo. Akakubayani, pemphani pepala lolemba dzina la katemera ndi tsiku, kuti ife kuno tidzadziwe poyambira.

Ndatopa kumva kuti "ndimati ndikaonane ndi dokotala wanga ndikabwerera," kapena "ulendo wa ku chipululu tinali titalipira kale." Ngamila zidzakhalapo chaka chamawa. Ndatopanso ndi "kamphakako kamaoneka kabwinobwino." Nyama imatha kukhala ndi kachilombo m'malovu masiku angapo isanayambe kuonetsa kudwala, ndipo mphaka wa mumsika simungamusunge kuti mumuonetsetse masiku 10 ngati galu wa a neba. Anyani omangidwa unyolo a pa Jemaa el-Fna, amene amakuikirani paphewa kuti mujambulitse, nawonso akakulumani malamulo ndi omwewa. Ana ndiye muwafunse madzulo aliwonse powasambitsa, chifukwa mwana akakalidwa amabisa poopa kukalipiridwa.

Kulinso katemera wobayitsa musananyamuke. Kuno ndi wolipira, ndipo ambiri akamva mtengo amagwedeza mutu. Sakuchotserani udindo wopita kuchipatala, koma amachepetsa ntchito: jekeseni 2 zokha, ndipo simufunanso mankhwala ena aja otchedwa immunoglobulin, obaya pabala penipeni, amene sapezeka paliponse. Wopita ndi ana aang'ono, kapena wopitirira ku midzi ya ku mapiri a Atlas kutali ndi zipatala, aganizirepo bwino, ndipo abwere kukadali mwezi wathunthu ulendo usanafike, osati Lachisanu pamene ndege ndi ya Lolemba.

Mayi uja tinamuyambitsa katemera tsiku lomwelo, chifukwa ngakhale patapita masabata timabayabe bola zizindikiro zisanayambe, ndipo kuno wolumidwa kale salipira kanthu. Ndondomeko yake ndi jekeseni 4: tsiku loyamba, kenako pakatha masiku 3, 7 ndi 21. Yoyamba analandira akuseka kuti a nesi mukukokomeza. Yachiwiri anabwera mochedwa ndi tsiku limodzi, akudandaula za mashifiti a usiku kunyumba yosamalira okalamba kumene amagwira ntchito. Yachitatu sanabwere. Ndinaimba foni kanayi, ndinatumiza uthenga, tinalembera dokotala wake kalata. Tsiku lina anayankha pa WhatsApp kuti dzanja lapola, matuza auma, zikomo kwambiri a nesi, Mulungu akudalitseni. Ndinamulembera kuti sindikunena za matuza, ndikunena za chala. Uthengawo unaonetsa kuti wawerengedwa.

Khadi lake likadali mu kabati yanga, mabokosi awiri omaliza opanda siginecha.