Gitala ikang'aluka, musathamangire guluu

Tsiku lina bambo wina anandibweretsera gitala yokhala ndi mng'alu woyambira kumunsi kwa bridge (kathabwa kamene nsambo zimamangidwapo pamimba pa gitala) mpaka kumapeto kwa thabwa. Anali atathiramo kale super glue, ndipo anauma n'kusiya mzere wakuda wonyezimira ngati podutsa nkhono. Mng'aluwo pawokha sunali nkhani. Chimene chinandidyera masiku ndi kupala zimene anathirazo, ndipo chipsera chake chilipobe mpaka pano.

Thabwa lapamwamba, lija lili ndi bowo lotulukira mawu, ndilo limayimba. Pa gitala yabwino limakhala la mtengo wa spruce kapena cedar, ndipo kukhuthala kwake nthawi zambiri sikupitirira mamilimita 3. Mtengo, ngakhale unadulidwa zaka 50 zapitazo, susiya kumwa chinyezi cha mumpweya ndi kuchitulutsa. Ukamwa umafufuma, ukauma umafota, ndipo umatero kwambiri m'lifupi, m'litali pang'ono chabe. Kunsi kwa thabwali kuli timitanda tomatidwa mopingasa, tiwiri timadutsana ngati chilembo X pa magitala ambiri a nsambo zachitsulo. Timitandati sitifupika nalo. Ndiye mpweya ukauma, thabwa lotambalala pafupifupi masentimita 40 limafuna kufota ndi mamilimita 2 kapena 3, koma timitanda ndi m'mbali zalikanikiza, pamwamba pake nsambo zikukoka ndi mphamvu yoposa makilogalamu 70. Limang'aluka motsatira mizere ya mtengo, kapena pakati penipeni pamene matabwa awiri analumikizidwa.

N'chifukwa chake makampani opanga magitala monga Martin ndi Taylor amalangiza kusunga gitala pamene chinyezi chili pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Chikakhala masiku ambiri pansi pa 35, yembekezerani mavuto. Gitala imakuchenjezani isanang'aluke. Yendetsani chala m'mphepete mwa khosi: ngati nsonga za mafreti (tizitsulo topingasa pakhosipo) zikukanda, mtengo wafota, chitsulo chatsala. Nsambo zimatsika n'kuyamba kulira ngati njuchi, ndipo mukagoneka rula kumunsi kwa bridge mupeza thabwa lalowa m'kati pamene liyenera kukhala lotukuka pang'ono. Magitala otchipa a thabwa la plywood sang'aluka kawirikawiri, ndiye musadabwe kuti yodula ndiyo yayamba.

Mukaona mng'alu, masulani nsambo, ndipo musamapitepo ndi chala. Aliyense amafuna kukhudzapo, ine ndemwe, koma mafuta ndi litsiro la m'manja zikalowa, guluu sagwira bwino ndipo mzerewo umada. Kenako tsimikizani ngati wang'aluka ndi mtengo kapena vanishi yokha. Lowetsani tochi m'bowo muli mumdima: kuwala kukatulukira pamzerewo, mng'alu wapyoza. Ine ndimalowetsanso kagalasi kuti ndione ngati kamtanda kena kamatuka, n'kugogoda thabwa ndi chala. Pamene pamatuka pamalira mopepera, ngati mphika wosweka.

Apa ndi pamene anthu ambiri amandikayikira, chifukwa sabata yoyamba sindigwira guluu n'komwe. Ndimanyowetsa siponji, kuifinya mpaka isadonthe, kuiika m'kapulasitiki koboolaboola, n'kutsekera pamodzi ndi gitala m'bokosi lake. Madzi asakhudze mtengo. Masiku awiri alionse ndimanyowetsanso. Pakapita masiku 7 mpaka 14, mng'alu umene unkalowa chikhadabo umakhala utatsekeka wokha, moti mwiniwake akabwera amaufufuza. Mukamata thabwa lidakali louma, ndiye kuti mwina mwalifinya mokakamiza ndipo ling'alukanso pambali pomwepo, kapena mwadzaza mpatawo ndi guluu, ndipo chinyezi chikabwerera thabwa lisowa kofufumira n'kupindika.

Guluu woyenera ndi wa zikopa, uja timasungunula pa madigiri Celsius pafupifupi 60, kapena guluu wachikasu wa matabwa monga Titebond Original. Onsewa amauma gwa, ndipo mmisiri wina akhoza kudzamatula ndi kutentha ndi chinyontho zaka zikubwerazo. Epoxy ndi super glue sabwerera m'mbuyo, komanso super glue amawononga vanishi ya nitrocellulose imene ili pa magitala ambiri odula. Ndimapaka guluu pamwamba pa mng'alu, dzanja lina lili m'kati kukankha thabwa pang'onopang'ono kuti mng'aluwo uzitseguka ndi kutsekeka, umeze wokha. Ndikaona pakagalasi timadontho tatulukira kunsi m'litali monse, ndimadziwa kuti wafika. Wotsala ndimapukuta ndi kansalu konyowa, kenako n'kupana kuti milomo iwiri ya mng'alu ikhale yofanana. Apa pasakhale chibwana: mbali imodzi ikauma itakwera ngakhale ngati tsitsi, chala chidzaimva mpaka kalekale, ndipo kupala ndi sandipepa kumangowonjezera bala.

Pomaliza ndimamata tizigamba kunsi. Ndi tizidutswa ta spruce tochepa ngati chikhadabo, tokhuthala pafupifupi mamilimita 2, ndipo mizere yake imapingasa mng'alu kuti usapitirire. Kumene dzanja silifika ndimagwiritsa ntchito maginito awiri, ina m'kati ina kunja, nditayala kansalu kuti vanishi isakandike. Tiwiri kapena titatu timakwana pa mng'alu wamba. Ndinatsegulapo gitala ina n'kupeza m'kati mwamatidwa chithabwa chachikulu ngati chikhatho. Sinang'alukenso, zoona, koma inkalira ngati kabati.

Mng'alu wakale umene wakana kutsekeka ngakhale mutaupatsa chinyezi timaulowetsa kachidutswa kopyapyala ka mtengo womwewo, kosemedwa kuti kalowe ndendende. Ntchito imeneyo, komanso ya mng'alu wodutsa pansi pa bridge kapena woyandikana ndi khosi, siyoyeserera kunyumba.

Chinyezi chochuluka nacho chimawononga, ngakhale sikawirikawiri kung'alula. Thabwa limatupa kuseri kwa bridge, nsambo zimakwera n'kumapweteka zala, mawu amagonthama, ndipo m'kati mumayamba fungo la nkhungu. Gitala musaiyanike padzuwa kapena pafupi ndi moto, musaisiyenso m'galimoto yotseka masana, chifukwa kutentha kumafewetsa guluu ndipo bridge imazuka. Ikani timapaketi ta silica gel, tija timayamwa chinyezi, m'bokosi kuti iume pang'onopang'ono. Musafulumire kupala kafupa ka pa bridge pofuna kutsitsa nsambo, chifukwa thabwa likabwerera m'malo mwake zidzatsikiratu.

Bambo aja atabwera kudzatenga gitala yawo, ndinawaikira m'bokosi hygrometer, kachipangizo koyezera chinyezi. Pokambirana m'pamene anaulula kuti gitalayo inkapachikidwa pakhoma, pansi penipeni pa makina oziziritsa mpweya, aja amaumitsanso mpweyawo.