Batire la m'galimoto yogonamo: yezani m'mawa, ndipo theka ndiye pothera

Mwezi wa June ukafika, ntchito yanga yoona mabatire ndi magetsi a m'galimoto imachuluka pa Phiri la Zomba. Ndi nyengo imene anthu ogona m'galimoto zawo, aja oyenda ndi bedi, firiji ndi magetsi mkati momwemo, amadzuka n'kupeza firiji yasiya kulira, mababu akuwala mofooka, mafoni osalowa moto. Ambiri ndi alendo ochokera ku South Africa amene amayima kuno asanapitirire kunyanja. Koma masiku ano aliponso Amalawi anzathu amene akonza minibasi kapena Land Cruiser yakale kuti azigonamo pa ulendo, ndi madalaivala onyamula alendo kupita ku Liwonde. Ndikawapeza, dandaulo lawo limakhala limodzi: dzulo madzulo mita imaonetsa kuti batire ndi lodzaza. Mitayo sinawanamize ayi, iwo anaifunsa pa nthawi yolakwika.

Ndiyambe ndi mabatire enieniwo. Galimoto yogonamo imayenera kukhala ndi awiri. Loyamba ndi lolizira injini, lomwe linapangidwa kuti lipereke moto wambiri kwa masekondi ochepa kenako lidzazidwenso pomwepo. Lachiwiri ndi la m'nyumba, la mtundu umene ogulitsa amati deep cycle, lopirira kukamidwa pang'onopang'ono usiku wonse. Pakati pa awiriwa pamakhala kachipangizo kowalekanitsa injini ikazima. Popanda iko, firiji imadya mabatire onse, ndipo m'mawa mumayamba kufuna anthu okankha galimoto pamalo pamene pali mitengo ya paini yokhayokha.

Batire la asidi la mavolti 12 lili ndi zipinda 6 mkati mwake, chilichonse chopereka mavolti pafupifupi 2.1 chikadzaza. Choncho batire lodzaza limaonetsa 12.6 kapena 12.7. Likamaonetsa 12.4 kwatsala magawo atatu mwa anayi. Pa 12.2 lafika theka. Pa 12.0 kwatsala gawo limodzi mwa anayi, ndipo kutsika apo latha. Taonani kufupika kwa mtunda umenewu: kuchoka pa kudzaza kufika pa kutha sipakwana ndi volti imodzi yomwe. Munthu amaona 12.0 n'kukhazika mtima pansi poti pa batirepo analembapo 12, osadziwa kuti lake lili pafupi kugona. N'chifukwa chake timagetsi tobiriwira, tachikasu ndi tofiira tija toonetsa moto wa batire sindimatidalira. Gulani multimeter, mita ya m'manja yoyezera mavolti, yoonetsa manambala awiri pambuyo pa kadontho, ndipo muziyeza pamitu pa batire penipeni, chifukwa mawaya aatali ndi opyapyala amabako moto m'njira.

Tsono manambala ndatchulawa amagwira ntchito pokhapokha batire litapuma, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Injini ikamalira, kapena sola ikamaphika dzuwa, mita imaonetsa pakati pa 13.8 ndi 14.4. Nambala imeneyo ndi ya chimene chikuthira moto, sikuuzani kuti m'batiremo mwalowa wochuluka bwanji. Mukazimitsa injini, kwa maola angapo batire limaonetsabe 13 kapena 12.9, ngati thovu la pamwamba pa thobwa lomwe limakupangitsani kuganiza kuti chikho chadzadza. Dikirani thovulo litsike. Mbali inayo, firiji ikamalira nambala imagwa kuposa mmene batire lilili, ndipo ikangosiya imakweranso. Nthawi yabwino yoyeza ndi mbandakucha, dzuwa lisanagwire sola, mutazimitsa chilichonse kwa mphindi zosachepera 30. Nambala ya nthawi imeneyo ndiyo muzilemba m'kabuku tsiku ndi tsiku.

Chimene ndimafunitsitsa kuti aliyense achigwire ndi ichi: pa batire la asidi, theka ndiye pothera. Ngati palembedwa 100 Ah (Ah ndi muyeso wa moto umene batire limasunga: ampu imodzi yokokedwa kwa ola limodzi), werengani kuti anu ndi 50 basi. Mukamalikama kupitirira apo mobwerezabwereza, makamaka mukamalisiya masiku lili lopanda moto, pa mbale za mtovu za mkati mwake pamauma zoyera zangati mchere, ndipo zikalimba sizisungunukanso. Batire lotero limapusitsa kwambiri. Limadzaza msanga, mita n'kuonetsa bwinobwino, koma pakangopita maola awiri latha. Lasanduka ndowa yodzaza mchenga, malo a madzi atsala pang'ono. Zimandiwawa kuona batire la ndalama zambiri litafa chaka chisanathe pa chifukwa chimenechi chokha.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti firiji yanu imakoka maampu 4 ikamalira, ndipo pa tsiku lonse imalira maola 8. Apo mwadya kale 32 Ah. Mababu awiri a LED okoka theka la ampu lililonse, kwa maola 4, ndi 4 Ah. Mafoni awiri kapena atatu aikenipo ena 4. Tafika pa 40, ndipo pa 50 paja patsala 10 yekha. Ku Liwonde mu October firiji yomweyo imalira nthawi yaitali kuposa apa, ndiye masamuwo amasinthiratu. Palinso mbava imene anthu saiona: inverter, chipangizo chosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa m'nyumba, ikasiyidwa yoyaka imadya moto ngakhale simunalumikizeko kanthu. Za ketulo ndiye musayerekeze. Ketulo ya mawati 1,500 imakoka maampu oposa 125 pa batire la mavolti 12, ndipo mphindi 5 zokha zimatenga 10 Ah yotsala ija. Tiyi wirutsani pa gasi kapena pa mbaula.

Kubwezera motowo n'kovuta kuposa kuudya. Sola ya mawati 100 imapereka maampu 5 kapena 6 masana dzuwa lili pamutu, kumwamba kopanda mtambo. Koma pa phiri pathu, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,000, chiperoni chikakuta mu June ndi July mutha kutha masiku atatu osaliona dzuwa. Malo abwino ogonapo ambiri ali pansi pa mitengo, ndipo mthunzi wa nthambi imodzi umatsitsa kwambiri mphamvu ya sola yonse. Kuzizira nako kumachepetsa moto umene batire lingatulutse. Ena amati angotsika kukagula ndiwo ku msika wa Zomba n'kubwerera, ndiye batire ladzaza. Silinadzaze. Batire la asidi limalandira moto mwachangu poyamba, koma gawo lomaliza limalowa pang'onopang'ono kwa maola angapo, ndipo gawo lomalizali ndilo limaliteteza ku kuuma kuja.

Mabatire a lithiamu, a mtundu wa LiFePO4, ali ndi khalidwe lina. Ndi opepuka, ndipo mutha kudya magawo 8 mwa 10 osawapweteka. Vuto lake n'lakuti mavolti awo sasuntha: amakhala cha pa 13.2 ndi 13.3 kwa nthawi yaitali, kenako n'kugwa mwadzidzidzi. Pa batire lotere multimeter siyikuthandizani kwenikweni. Pamafunika kachipangizo kotchedwa shunt, komwe kamamangidwa ku mutu wa negative (wa chizindikiro cha -) n'kumawerenga ampu iliyonse yolowa ndi yotuluka, monga kalaliki wa pa ADMARC amalembera matumba. Kamakuuzani kuti kwatsala maperesenti angati. Ngakhale pa batire la asidi ndimakalimbikitsa kwa amene angakwanitse, poti kamakuonetsani ndi maso chimene chikudya moto. Zimitsani chinthu chimodzichimodzi, muone nambala ikusintha.

Koma shunt nayo ndapeza yomangidwa molakwika kambirimbiri. Mawaya onse a negative ayenera kudutsa mwa iyo. Wina akadzalumikiza firiji pa mutu wa batire mwachindunji, kalalikiyo saiona, ndipo amapitiriza kukuuzani 90 peresenti batire likutha. Muyeneranso kuiuza kukula kwenikweni kwa batire lanu, ndi kulidzaza mpaka pakamwa nthawi ndi nthawi kuti iyambirenso kuwerenga pa 100. Batire likamakalamba, nambala ya kukula ija itsitseni.

Kwa amene mabatire awo ali ndi zotsekera zotsegula, njira yakale ya hydrometer ikadali yoona kuposa zonse, chifukwa imayeza kulemera kwa asidi weniweniyo. Pa 1.265 ladzaza, pa 1.190 lili theka, pa 1.120 latha. Chipinda chimodzi chikasiyana kwambiri ndi zinzake, ndiye kuti chafa, ndipo kutchaja sikungachidzutse. Powonjezera madzi thirani a batire okha, osati a pampopi kapena a mu mtsinje wa Mulunguzi, ngakhale akuoneka oyera chotani. Fodya ndi machesi zikhale kutali, poti batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya woyaka.

Zonsezi zikukhudzanso inu a ku Chinamwali, ku Matawale ndi ku Sadzi amene muli ndi sola padenga ndi batire pakona pa balaza, lothandiza magetsi akazima. Batire lanu likakhala la asidi ndi lomwelo, manambala ake ndi omwewo. Mawa mbandakucha, TV ndi mababu zili zozima, liyezeni. Mukapeza 12.2 kapena kutsika apo, usiku wotsatira chotsaniko chinthu chimodzi, ndipo yambani ndi inverter.