AC/DC si dzina la satana ayi

Munthu akangovala tisheti ya gulu loimba la AC/DC yomwe watola pa kaunjika, ena amayamba kale kunong'ona kuti zilembozo zikuimira Anti-Christ/Devil's Children, ati ndi zausatana. Bodza limenelo abale, ndipo linayamba kalekale kunja konko. Inde nyanga zomwe Angus Young, woimba gitala wa gululi, anavala pachikuto cha chimbale cha Highway to Hell mu 1979 zinakolezera mphekeserayi, koma dzinalo linalipo kale.

AC/DC ndi mawu a zamagetsi basi, alternating current ndi direct current, kunena magetsi a pakhoma ndi a batire. Gululi analiyambitsa Malcolm ndi mng'ono wake Angus Young ku Sydney mu 1973, anyamata obadwira ku Glasgow, ndipo mlongo wawo Margaret ndi amene anaona zilembozi pa mashini osokera n'kuwauza kuti dzina ndi limeneli, ndiye kamphezi kali pakati pa AC ndi DC kaja kakungosonyeza magetsi omwewo, palibenso china.

Logo yomwe mumaiona pa malaya ndi zipewa anaijambula Gerard Huerta mu 1977 pa chimbale cha Let There Be Rock, ndipo chondiseketsa ine n'chakuti zilembo zosongokazo anazitengera ku kalembedwe ka Baibulo la Gutenberg, Baibulo loyamba kusindikizidwa ndi makina.