Gulu la mimbulu ndi banja, za "alpha" zija ayi

Pa Facebook ndimaona anyamata akudzitcha ma "alpha male", kutanthauza mwamuna wolamulira anzake ndi mphamvu, ati akutengera mmbulu. Ine ntchito yanga ndi ya nyama zakutchire, ndipo zimenezi zimandiwawa ndithu chifukwa mmbulu sukhala choncho.

Timvane kaye, mmbulu ndikunenawu ndi wa ku Canada, America, Russia uko, asayansi amati Canis lupus. Kuno kulibe. Wathu uja wamawangamawanga wa makutu akuluakulu, amene anawabweretsanso ku Liwonde ndi Majete mu 2021, ndi mtundu wina.

Nkhani ya alpha inayamba ndi wasayansi Rudolf Schenkel yemwe mu 1947 analemba za mimbulu yosungidwa ku zoo ya ku Basel, Switzerland. Inali mimbulu yongosonkhanitsidwa mu mpanda umodzi, kothawira kulibe, ndiye inkalumanadi kulimbirana ukulu. Wasayansi wina, David Mech, anafalitsa maganizowa m'buku lake la 1970, koma atakhala zaka zambiri akuyang'anitsitsa mimbulu yakutchire pa chilumba cha Ellesmere ku Canada, mu 1999 analemba yekha kuti mawu oti alpha ndi osokeretsa. Zomwe anaona ndi bambo, mayi ndi ana awo basi. Otsogolera gulu ndi makolo, sanachite kumenya aliyense kuti akhale pamenepo.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi kaleredwe ka ana. Mayi amakhala ndi bere masiku pafupifupi 63, n'kuswa ana anayi mpaka asanu ndi mmodzi mu una, osaona, osamva. Masabata oyambawo mayi sapita kutali, bambo ndi amene amamubweretsera nyama. Ana akayamba kutuluka panja mumaona zokoma, wamkulu akangofika kuchokera kosaka tiana timamuthamangira tikulira, kumunyambita pakamwa mpaka iye amabweza nyama yomwe anameza, tiana n'kudya pompo. Ndipo si makolo okha ayi, akulu awo obadwa chaka chatha amachitanso zomwezo, ena amatsala pakhomo kulera pamene anzawo apita kosaka.

Kusakako sikophweka. Maulendo ambiri amabwerako chimanjamanja, nyama ngati moose (chimphona cha mtundu wa agwape) ikamenya theche kamodzi itha kuthyola nthiti kapena chibwano, n'chifukwa chake amasankha zokalamba, zodwala ndi tiana. Akapha, mmodzi atha kudya makilo 9 nthawi imodzi poti sadziwa kuti adyanso liti. Kulira kotchuka kwa mimbulu kuja si kulirira mwezi, amaitanizana komanso kuuza mabanja ena kuti dera lino lili ndi eni ake. Pamalire pamenepo ndiye pamakhala ndewu zenizeni, ku Yellowstone, malo osungirako nyama zakutchire ku America, mimbulu yaikulu yambiri imafa pophedwa ndi ya magulu ena.

Mwana akafika chaka chimodzi mpaka zitatu nthawi zambiri amachoka pakhomo, kuyenda yekha mwina makilomita mazanamazana kusaka mnzake ndi malo opanda mwini. Nthawi imeneyi ndi yoopsa kwambiri pa moyo wake, ambiri amafera panjira. Akapulumuka n'kupeza mnzake, amayamba banja lawo.