Hana, Anna kapena Chisomo? Ofesi ya parishi ikuyankha za mayina a ubatizo

Chiyambire kulembetsa ana odzabatizidwa, makolo angapo akangana ndi alembi athu pa dzina limodzi lomweli, mpaka mzere kuima. Nawa mayankho.

Kodi Hana amatanthauza chiyani?
Ndi dzina la Chiheberi lotanthauza chisomo, kapena kukomeredwa mtima.

Anali yani m'Baibulo?
Pa 1 Samueli 1, Hana ndi mkazi wa Elikana amene analibe mwana, ndipo mkazi mnzake Penina ankamunyoza. Atapita kukapemphera ku Silo, milomo ikugwedera koma mawu osamveka, wansembe Eli anamuyesa woledzera. Kenaka anabereka Samueli.

Nanga Anna ndi dzina lina?
Ayi, ndi lomwelo monga analilembera Agiriki. Pa Luka 2:36 timamva za Anna, mneneri wokalamba wa m'Kachisi. Koma Anna Woyera, mayi wa Maria, amene timamukumbukira pa 26 Julaye, satchulidwa m'Baibulo. Dzina lake likuchokera m'zolemba za Akhristu a zaka za m'ma 100.

Ngati tanthauzo ndi limodzi, bwanji mukukana dzina loti Chisomo?
Sitikukana, ndipo amene akufalitsa zimenezi akadayamba afunsa. Lamulo la Mpingo wa Katolika la 1917 linkafuna dzina lachikhristu, ndipo makolo akakana, wansembe ankawonjezera dzina la woyera m'kaundula. Lamulo la 1983, ndime 855, limangoti makolo, oimira mwana ndi abambo mfumu aonetsetse kuti mwana asapatsidwe dzina losemphana ndi chikhristu. Chisomo salisemphana nacho ngakhale pang'ono. Tivomereze kuti ena mwa ife anakulira m'zakale, ndipo mwina malangizo awo anamveka ngati lamulo. Timalimbikitsabe dzina la woyera kuti mwana akhale ndi nkhoswe yake, koma kulimbikitsa si kukakamiza. Mayina odandaula kapena olasa achibale ndiwo tidzakhala nanu pansi, lililonse palokha.

Chikalata cha ubatizo chalembedwa Anna, cha kubadwa Hannah. Mukonza? Tilipira?
Kaundula safufutidwa. Chokonza chimalembedwa m'mphepete abambo mfumu akavomereza, ndiye bwerani ndi chikalata cha kubadwa. Ubatizo sugulitsidwa. Za pepala latsopano zimatengera amene analakwitsa, ndipo nthawi zina, inde, amakhala ife. Polembetsa onetsetsani zilembo: "n" mmodzi akasowa, mwana wanu asanduka "Ana".