Tsiku limodzi ndi voti imodzi: mbiri ya milandu yotsutsa zigamulo za makalabu ku England

Makalabu a ku London a m'zaka za m'ma 1800 sanali makampani. Anali magulu a anthu ogwirizana okha, ndipo chowamanga chinali malamulo omwe aliyense ankavomera polowa. Makhothi anatenga malamulo amenewa ngati pangano pakati pa mamembala, ndipo apa ndi pomwe panachokera mphamvu yogwetsa chigamulo cha msonkhano. Woweruza safunsa ngati chigamulocho chinali chanzeru. Amafunsa ngati panganolo linatsatidwa.

Mlandu wodziwika kwambiri ndi wa 1879, wa Henry Labouchere, yemwe anachotsedwa mu Beefsteak Club. Malamulo a kalabuyo ankafuna zinthu ziwiri: chidziwitso cha msonkhano chiperekedwe kutatsala masabata awiri, ndipo ovomereza kuchotsa munthu akwane magawo awiri mwa atatu a omwe afika. Chidziwitso chinatuluka pa 1 Novembala, msonkhano n'kuchitika pa 14. Masiku anaperewera. Pamsonkhanopo panali anthu 117, ndipo 77 anavota kuti achoke pomwe 38 anakana. Awiri anangokhala chete. Powerengera ovota okha zinaoneka ngati zatheka, koma magawo awiri mwa atatu a 117 ndi 78. Woweruza George Jessel anagamula kuti kuchotsako kunalibe mphamvu. Kuwonjezera pa masiku operewera aja, osavota awiri aja nawonso anapulumutsa Labouchere, mwina osadziwa n'komwe.

Makhothi anadziikiranso malire. Mu 1881, pa mlandu wa Dawkins ndi Travellers' Club, khothi la apilo linakana kulowerera chifukwa malamulo anatsatidwa, munthuyo anapatsidwa mpata wodziteteza, ndipo panalibe umboni wa dumbo. Mu 1903, pa mlandu wa Harington, mamembala ambiri a kalabu yake anavomera kukweza ndalama za umembala, koma malamulo awo analibe ndime yolola kusintha malamulowo, choncho Harington, yemwe anakana, sanakakamizidwe.

Mlandu wa 1920 ndi womwe alembi a makalabu ayenera kuudziwa pamtima. Komiti ya Ladies' Imperial Club inachotsa Mayi Young. Mmodzi wa mamembala a komitiyo, Duchess of Abercorn, sanatumiziridwe kalata yoitanira ku msonkhano chifukwa anali atanena kale kuti sadzitha kubwera kumisonkhano. Zikumveka zanzeru, koma khothi la apilo linati msonkhanowo sunaitanidwe moyenera. Yemwe ali ndi ufulu wokhala pamsonkhano ayenera kuitanidwa ngakhale aliyense akudziwa kuti sabwera, pakuti atabwera mawu ake akhoza kutembenuza anzake. Kalatayonso sinanene mosabisa kuti nkhani yake ndi yochotsa munthu.

Zolakwika za masiku ano sizisiyana kwenikweni ndi izi. Mlembi amawerengera tsiku lotumiza kalata ndi la msonkhano pomwe malamulo akufuna masiku athunthu pakati pake. Nkhani yaikulu amailowetsa pa "zina ndi zina" kumapeto kwa ajenda. Wapampando amalengeza zotsatira osayang'ana ngati ndime ikunena za "omwe afika" kapena "omwe avota", ndipo maminitsi salemba kuti m'chipindamo munali anthu angati voti ikuchitika. Nthawi zambiri kalabu imatha kuitanitsa msonkhano wina n'kuvotanso moyenera, koma mpaka itatero, wochotsedwa uja adakali membala.